Chala Chamanthu

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinadula nzimbe ku Nchalo,
dzanja lamanja ili ndi chikwanje zinali pachibale.
Lero lagona pamphasa ngati mlamba wowamba.
Ntchito yatsala imodzi:
amanyamula chala chamanthu,
kuchiviika mu inki,
kuchidinda m'kaundula.

Kaundulayo ndi wa mabokosi okhaokha.
Lolemba. Lachinayi.
Kusambitsa, kutembenuza, kutsuka chilonda, mankhwala.
Bokosi lililonse lili yasa, ngati mwana wa mpheta,
kudikira kumwetsedwa inki.

Lolemba amabwera Esinta wa kwa Dinyero,
thukuta lili chuchuchu,
njinga akuikankha poti minga yaboolanso tayala.
Madzi amchere a pamjigo safuna moto,
dzuwa la kwa Ngabu lawafunditsa kale.
Amanditembenuza monga munthu atembenuzira mbatata paphulusa,
chilonda cha m'chiuno amachiyang'ana osakwinya mphuno,
kwinaku akundiuza mtengo wa thonje chaka chino
ngati ndikadali ndi munda.

Lachinayi ndi la Luwisi Tchale.
Iyeyu amathera pakhomo.
"Madala, mwadzuka?"
Ndisanapinde lilime kuti ndiyankhe
chala changa chadinda kale kanayi.
Tsiku lina anadindiratu ndi sabata yamawa,
akuti Nyakamba akadzaza sadzawoloka.
Munali mu Okutobala.
Mumtsinjemo ana ankasewera mpira.

Mwezi ukatha kumamveka njinga yamoto,
Mayi Alufandika a kuchipatala, fumbi mpaka m'nsidze.
Amakhala patsinde pa nimu n'kuwerenga mabokosi.
Amafunsa mdzukulu wanga, amene masana onse amakhala kudimba.
Amafunsa wapampando wa komiti, amene nyumba ino amaidziwa denga lokha.
Ine ayi.
Sitiroko inandipotola kamwa,
ndiye anthu anaganiza kuti inatenga ndi maso omwe.
M'kaundula Esinta ndi Luwisi ndi mapasa,
onse akhoza, onse alibe banga.

Musati ndimadana naye mnyamatayu.
Alawansi yake inaima mu Meyi, ndinamva akunong'oneza Esinta.
Magolovesi anatha.
Akachoka pano amathamangira ganyu youmba njerwa,
ana atatu, mkazi ali ndi pakati.
Nanga wotumiza magolovesi,
mabokosi ake amawerenga ndani?
Iye amadinditsa chala cha yani?

Koma chilonda sichidziwa za alawansi.
Chimakula Lachinayi, chimakula Lachisanu,
pofika Lamulungu ntchentche zimakhala zaitanizana.

Ndiye Lachinayi lina
ndinatuma dzanja lamanzere, lija lamoyo,
likafumbate chala chamanthu.
Luwisi anakoka. Anaseka. Anakokanso.
"Madala, mukufuna andichotse ntchito?"
Wodula nzimbe, ngakhale watsala theka,
akagwira wagwira.
Mabokosi anayi anagona ndi njala.

Mwezi utatha njinga yamoto inazima pa nimu.
Ndinamva mapepala akutembenuzidwa,
kenako zii.
Kenako mthunzi pachitseko.

Mayi Alufandika anawerama polowa, anagwada,
anakweza nsalu, mpweya n'kuugwira pang'ono.
Anaika dzanja lawo m'dzanja langa lamanzere.
"Bambo Fombe, ngati ndi inde, finyani.
Lolemba amakusambitsani?"
Ndinafinya mpaka mphete yawo inandilasa.
"Nanga Lachinayi?"
Panja mbuzi inalira.
Dzanja langa linangoti phee.

Analemba nthawi yaitali,
m'mphepete mwa tsamba, kumene kulibe mabokosi.
Sindidziwa kuwerenga.
Kaya alemba dzina la Luwisi,
kaya alemba za magolovesi ndi ndalama za mu Meyi,
kaya zonse.

Usiku uno kwatentha, udzudzu ukuyimba kunja kwa neti.
Mawa ndi Lachinayi.
Ndagona chammbali, momwe anandisiyira,
khutu limodzi kumphasa
lina kunjira.